Dzina la Padmaja m'Buku la Bambo Ake

Lachiwiri m'mawa bwana wamkulu wa polisi analowa osagogoda, n'kuponya buku pa tebulo la Ramlath.

"Wakupha tamudziwa kale," anatero. "Womwalirayo watiuza yekha ndi dzanja lake. Dzuwa likamalowa ndimupeze mkaziyo ali m'chitokosi. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Zaka khumi ndi zisanu za upolisi zinali zitamuphunzitsa Ramlath kuti bwanayu akati mlandu ndi wophweka, ndiye kuti kwinakwake kuli ukwati umene akufuna kukadyako mpunga masana. Anadikira kuti chitseko chitsekeke, kenako anakoka bukulo.

Linali buku la masiku, lija amabanki amagawa ulere mu Januwale, tsamba limodzi tsiku limodzi. Mwini wake anali aphunzitsi Sekharan a m'mudzi wa Kizhakkumuri, nkhalamba yofa ziwalo mbali yakumanzere. Loweruka m'mawa anawapeza atamira m'dziwe la kuseri kwa nyumba yawo, njinga yawo ya olumala ili chagada pa masitepe a miyala. Aliyense anati ndi ngozi. Lamulungu anatentha mtembo. Lolemba mwana wawo wamwamuna, Sudevan, amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja, ku Muscat, anatulukira ku polisi misozi ili mbwembwembwe, bukuli lili m'manja.

Tsamba la Lachitatu la sabata yathayo linali lopindidwa pakona. Zilembo zake zinali zonjenjemera, za inki yabuluu:

"Lero masana Padmaja wandiuza kuti watopa nane. Akuti tsiku lina adzandikankhira m'dziwe. Ndikumuopa Padmaja. Ndikafa, mufunse Padmaja."

Padmaja anali mwana wawo wamkazi, amene ankawasamalira.

Ramlath anabwerera masamba angapo m'mbuyo. Lililonse linali lodzaza kuchokera pamwamba mpaka pansi, osasiya ngakhale pokwana chala. "Mvula yagwa zala ziwiri m'chitini. Ammini akutsimphina mwendo wakumbuyo. Sudevan waimba foni, akuti ku Muscat kukutentha. Ndasambitsidwa mochedwa. Phala la mpunga linali lopanda mchere."

"Nanga Ammini ndiye ndani?" anafunsa Thankachan, wapolisi wachikulire woyendetsa galimoto, akusuzumira paphewa pake.

"Tikamuona konko. Kalizeni galimoto."

*

Ammini anali ng'ombe. Ndi iyo imene inawalandira poyamba, ikulira kuseri kwa nyumba.

Sudevan anali pakhonde, atavala nsalu yoyera yamaliro, koma wotchi yagolide sanavule. Mafuta ake onunkhira anafika pachipata mwini wake asanadzuke n'komwe.

"Amayi apolisi, ine mtima wanga wasweka," anayamba Ramlath asanakhale pansi. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikupsa ndi dzuwa la kuchipululu chifukwa cha nyumba ino. Denga ilo ndinafolera ndine. Njinga ijanso ndinatumiza ndine, yabwino, yakunja. Ndiye lero achemwali anga enieni, obadwa nawo bere limodzi..."

Anapukuta m'maso ndi kansalu. M'masomo munali mouma kale.

Ramlath anamuda nthawi yomweyo, koma anadziwa kuti chidani si umboni. Nayenso anali ndi achimwene awiri kunjako, akatswiri otumiza zithunzi ndi mafuta onunkhira, pamene wosintha nsanza za mayi wawo mamawa uliwonse anali iye. Anatulutsa pepala.

"Munafika liti kuno?"

"Lachitatu, nthawi ya nkhomaliro."

"Mawu alembedwawa munawamva akunenedwa?"

"Ndinamva kukalipa kukhitchini. Mawu enieniwo ayi, sindinganame. Koma madzulo ake ndinawapeza bambo pa mpando uwo, bukulo lili pamwendo, akulemba, dzanja likunjenjemera, misozi ikugwa. Nditawafunsa anangotseka buku."

"Lachitatu lomwelo?"

"Lomwelo. Ndi maso angawa."

"Loweruka m'mawa munali kuti?"

"M'tulo. Ndinadzidzimuka ndi kukuwa kwa achemwali kudziweko."

"Nanga buku la bambo anu munalitsegula chifukwa chiyani?"

"Titatentha mtembo ndinafuna ndimve mawu awo komaliza. Ndikanadziwa bwenzi ndisanatsegule."

Ramlath analemba zonsezo, anamuwerengera, n'kumupatsa kuti asayine. Sudevan analemba dzina lake lonse bwinobwino, zilembo zopendekera kumanja, zofanana msinkhu ngati mbewu za mumzere.

"Muli ndi dzanja labwino," anatero Ramlath.

"Bambo ndi amene anandiphunzitsa," Sudevan anayankha monyada. "Chilembo chikangosiyana ndi chawo, rula pa zala."

*

Padmaja anamupeza m'khola, akupala ndowe ndi fosholo. Anali mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu, woonda, tsitsi la imvi lomangidwa ndi kachingwe, zidendene zong'aluka. Sanasiye ntchito.

"Ndine wapolisi, dzina langa ndi Ramlath."

"Ndakuonani."

"Mukudziwa chimene ndabwerera?"

"Sudevan wandiuza dzulo. Akuti bambo anandilemba."

Ramlath anatsegula bukulo n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, maso ake ali pankhope ya mayiyo. Ankayembekeza kulira, kapena kulumbira, kapena kugwa pansi. Koma Padmaja anatsamiritsa fosholo kukhoma, anapukuta manja pa nsalu yake, n'kuyandikira. Anayang'ana tsambalo kuyambira pamwamba pomwe. Kenako anaika chala pansi pa dzina lake, ndipo milomo yake inachita ngati ikufuna kumwetulira.

"Tawerenganinso," anatero.

Ramlath anamuyang'anitsitsa. Munthu wosalakwa samwetulira akamva zoterezi. Anawerenganso.

"Mawu amenewa munanenapo?"

"Zoti ndatopa? Kambirimbiri. Ndimauza ng'ombe."

"Nanga za dziwe?"

"Ayi."

"Loweruka m'mawa?"

"Ndinawadzutsa, ndinawasambitsa, ndinawakhazika pakhonde m'njinga yawo. Ndinapita kumsewu ndi mkaka. Galimoto ya mkaka inatenga, ine n'kubwerera. Pakhonde panalibe munthu."

"Akanatha kudzikankha okha mpaka kudziwe?"

"Ndi dzanja limodzi? Njingayo imangozungulira pamodzimodzi."

"Ndiye anawakankha ndani?"

Padmaja anayang'ana ng'ombe.

"Mayi, ndithandizeni kuti ndikuthandizeni. Dzanja ili ndi la bambo anu?"

"Sindidziwa. Buku lawo sindinalitsegulepo chibadwire. Ntchito yanga ndi kupukuta fumbi ndi kunyamula." Anatenganso fosholo yake. "Ngati mwabwera kudzanditenga, mudikire ndikame kaye ya madzulo. Ikagona ndi mkaka imadwala."

*

Kuseri kwa mpanda kunali gogo wina amene anali atayamba kale kutsokomola dala kuti amuone. Anali Eliyamma, mnansi wa aphunzitsi, wovala kamtanda pakhosi, maso oyera ndi ng'ala.

"Bwera kuno mwanawe, usandikuwitse, chifuwa chikundivuta. Ndiwe wapolisi uja? Ha! Mwabwera kudzamanga Padmaja? Bwanji osayamba mwamanga ng'ombeyo?"

"Gogo, mukudziwapo chiyani?"

"Ndikudziwapo chiyani! Zaka khumi ndi zinayi, mwanawe. Khumi ndi zinayi akunyamula bambo ake pamsana, kuwapukuta, kuwadyetsa ndi supuni. Ali mtsikana anabwera mnyamata wabwinobwino wogwira ntchito ku positi, aphunzitsi n'kumubweza, akuti adzatiphikira ndani. Nkhalamba ija, Mulungu aikhululukire, inali ndi pakamwa ngati tsabola. Mchere wachepa, madzi azizira, wachedwa. Koma foni ya ku Muscat ikangolira, ee, mano onse panja."

"Ndiye kuti Padmaja anali ndi chifukwa."

"Chifukwa anali nacho zaka zonsezi, nanga n'kudikiriranji sabata imene mlongo wake wabwera? Iwe kusukulu unapitako? Funsa za Lachisanu. Uja wonunkhira uja anabwera ndi amuna awiri ndi chingwe choyezera malo, kuyenda m'munda monse mpaka m'mitengo ya kokonati yakumalire kwanga, ine ndikumva zonse. Aphunzitsi anakuwa mpaka agalu kuuwa. Akuti ndili moyo palibe agulitse ngakhale phazi limodzi."

"Nanga Loweruka?"

"Galimoto ya mkaka inaliza hutala kumsewu. Nthawi imeneyo Padmaja amakhala ali komweko ndi zitini zake, tsiku ndi tsiku. Kenako ndinamva kanjinga kaja, kwii, kwii, kwii, kulowera kudziwe."

"Munaona amene amakankha?"

"Ndi maso ati? Awa?"

Ramlath anagwa mphwayi. Makutu a nkhalamba yosaona sakanalimbana ndi dzanja la womwalira pamaso pa bwana wake. Anayamba kupinda pepala lake.

"Usanapite, mwanawe, undiwerengere kapepala aka ka kuchipatala. Sabata yatha tsopano. Ndinapita nako kwa Padmaja Lachitatu, iye n'kukana. Akuti lero sitiwerenga, gogo, mabuku ali ku kachisi. Tsiku lotsatira ine n'kuiwala, kenako maliro. Anthu awa ndi miyambo yawo, munthu ungafe ndi mankhwala olakwika!"

Ramlath anasiya kupinda pepala lija.

"Gogo, mwati Lachingati?"

"Lachitatu. Wagonthanso iwe?"

Ramlath anatsegula bukulo n'kuyang'ana tizilembo ting'onoting'ono tosindikizidwa pakona ya tsambalo, timene sanatiyang'ane m'mawa: Navami. Mutu wake unabwerera ku sukulu ya pulayimale. Chaka chilichonse, chikondwerero cha mausiku asanu ndi anayi chikamatha, anzake achihindu ankamanga mabuku awo onse ndi zolembera n'kukazisiya pamapazi pa Saraswati, mulungu wawo wamkazi wa maphunziro. Tsiku lonse la Navami, lachisanu ndi chinayi la chikondwererocho, kunalibe kuwerenga, kunalibe kulemba, ngakhale chikwangwani cha pa basi ankachitembenuzira nkhope. Iwo ankasewera panja, pamene iye, mwana wa Chisilamu, bambo ake atamukhazika pansi ndi masamu. Nsanje ya tsiku limenelo anali asanaiiwale.

"Thankachan!" anakuwa. "Ku kachisi!"

*

Pokhala Msilamu, Ramlath sanalowe m'kachisimo. Anaima panja pa chipata, pansi pa mtengo, n'kutuma Thankachan kuti akaitane wosamalira kachisiyo. A Vasu Warrier anatuluka mosafulumira, opanda malaya, akutunga maluwa pa ulusi, mkamwa muli psuu ndi masamba otafuna.

"Polisi pa kachisi," anatero akuyang'ana kumwamba. "Dziko latha."

"Pepani bambo, funso limodzi lokha. Chaka chino aphunzitsi Sekharan anabweretsa mabuku?"

A Warrier analavula pambali, n'kumuyang'ana ngati wawafunsa ngati madzi amanyowetsa.

"Chaka chino. Mwana iwe, aphunzitsi Sekharan abweretsa phukusi lawo pano zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ndinayamba kulilandira ndili ndi tsitsi. Miyendo itafa, wakhala akubweretsa ndi mwana wawo wamkazi."

"M'phukusimo mumakhala chiyani?"

"Buku lawo la masiku ndi cholembera chawo, zokulungidwa m'nyuzipepala, dzina pamwamba. China n'chiyani? Munthu amabweretsa chimene amagwirira ntchito. Telala sizasi, kalipentala sowo."

"Linafika liti, linachoka liti?"

"Lachiwiri madzulo, nyale zisanayatsidwe. Linagona mkatimo Lachitatu lonse. Lachinayi m'mawa mwana wamkazi uja anadzatenga."

"Palibe amene akanalitenga Lachitatu, mwina kwa kanthawi?"

"Kulitenga pamapazi pa mulungu? Kiyi ali pano." Anagwira kachingwe ka m'chiuno mwawo. "Ndipo ngakhale likanakhala kunyumba, aphunzitsi aja sakanagwira cholembera tsiku la Navami, olo mutawaloza ndi mfuti. Kale ankamenya ana a sukulu akawapeza akujambula pamchenga tsiku limenelo."

"Ndiye tsamba la tsikulo amatani nalo?"

"Limakhala choncho. Ndi la mulungu. Ine pobweza phukusi ndimaika duwa limodzi lofiira pamwamba, iwo amakaliika pa tsamba limenelo n'kutseka."

Ramlath anatsegula bukulo n'kulikweza padzuwa. Pakati pa tsambalo panali banga lofiirira, lozungulira, ngati pamene pakhala kapu ya tiyi. M'mawa uja ankayesa ndi litsiro chabe. Inki yabuluu inadutsa pamwamba pa bangalo, ndipo pamalo amenewo zilembo zinali zitafufuma.

A Warrier anasuzumira, n'kusiya kutafuna.

"Ndani walemba pamenepo?" anafunsa ndi mawu otsika. "Ndani wopanda mwambo ameneyo?"

*

Masana onse Ramlath anathera m'chipinda cha aphunzitsi. Mabukuwo anali pa shelefu, makumi anayi, ondandalikidwa chaka ndi chaka, opanda fumbi ngakhale pang'ono. Iye ndi Thankachan anawatsitsa limodzilimodzi. M'buku lililonse masamba onse anali odzaza thothotho, kupatula limodzi. Pa limodzilo panali duwa louma, lophwatalala, lina litasanduka fumbi.

Umboni unali utakwana pa buku lachisanu, koma Ramlath sanasiye. Panali chinthu china chimene chinkamuluma. Anayamba kuwerenga zenizeni, akuyendetsa chala m'mizere. Mvula. Mitengo ya kokonati. Ng'ombe zinayi zotsatizana, iliyonse ndi dzina lake ndi matenda ake. Tsiku limene Sudevan anamera dzino, tsiku limene anakhoza mayeso, tsiku limene anakwera ndege, foni zake zonse. Anatsegula mabuku a zaka za matenda. "Ndatembenuzidwa kawiri." "Ndadyetsedwa mofulumira." "Zovala sizinaume." Anabwerera ku mabuku akale, anafufuza miyezi yonse, mpaka maso anamuwawa.

"Bwana, mukufunanso chiyani?" Thankachan anafunsa. "Ine msana watha."

"Palibe," anayankha Ramlath. Anali atakwiya kwambiri. "Palibe chilichonse. Kamuitaneni uja."

Sudevan analowa ndi kansalu kake kopukutira misozi. Ataona mabuku makumi anayi atayalidwa pansi, lililonse lotsegulidwa pa tsamba loyera, anaima pakhomo.

"Khalani pansi, bambo Sudevan. Mwati kunja mwakhalako zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi ziwiri."

"N'zambiri. Munthu amaiwala. Navami yomaliza munaidyera kuno liti?"

Sudevan anaimabe pakhomopo. Maso ake anayenda pa mabukuwo, pa maluwa oumawo, ndipo Ramlath anaona nthawi yeniyeni imene chinthucho chinamugwera m'mutu.

"Ndikuuzeni mmene zinakhalira," anatero Ramlath. "Mtembo utapsa munatenga buku ili. Dzanja la bambo anu muli nalo, anakupatsani okha ndi rula, kungowonjezera kunjenjemera basi. Koma polemba panalibe. Nkhalamba ija sinkasiya malo. Munatsegula, munatsegula, mpaka munapeza tsamba limodzi loyera, pafupi penipeni ndi tsiku la imfa, tsiku lomwe inu munafika. Munati mwayi. Kaduwa kanali pamenepo munakataya. Simunadzifunse n'komwe kuti tsambalo lasiyidwiranji."

"Mwina... mwina analemba pambuyo pake. Lachinayi. Kapena Lachisanu."

"Zaka makumi anayi sanalembepo, ayambe chaka chino?" Ramlath anatulutsa pepala la m'mawa lija. "Komanso apa mwasayina. Lachitatu lomwelo, pa mpando uwo, buku lili pamwendo, ndi maso anuwo. Lachitatu bukuli linali ku kachisi, kiyi ali m'chiuno mwa a Warrier. Ndiye munaona chiyani?"

Kunja ng'ombe inalira. Sudevan anakhala pa bedi la bambo ake, kansalu kaja katagwa pansi.

"Wopha kholo salandira cholowa, lamulo mumalidziwa," Ramlath anapitiriza. "Achemwali anu akanalowa m'ndende, munda wonse ndi nyumba zikanakhala zanu. Amuna a chingwe aja akudikira, si choncho? Tsopano tikambe za Loweruka. Njinga inamveka ikulira galimoto ya mkaka italiza hutala. M'nyumba muno munali anthu awiri. Mmodzi sankatha kudzikankha."

"Sindinawakankhire m'madzi!" Mawu ake osalala aja anali atatha, ankalira ngati mwana. "Ndinangopita nawo kudziweko kuti tikambirane achemwali kulibe. Anandinena kuti ndine khwangwala wodikira mtembo. Ine! Ine amene ndinafolera denga ili! Ndinawasiya pamwamba pa masitepe kuti aganize bwino. Ndinangowasiya basi. Ndinamva phokoso ndili kale pakhomo."

"Munabwerera?"

Sudevan anatola kansalu kaja pansi.

"Munabwerera kukawavuula?"

"Ndinalowa m'chipinda," anatero chapansipansi. "Ndinafunda."

Thankachan anatulutsa unyolo. Wotchi yagolide ija inkatsekereza, ndiye anamuvula n'kuiika pa shelefu.

*

Dzuwa linali litapendeka pamene Ramlath anabwerera ku khola. Bwana wake ankafuna munthu m'chitokosi lisanalowe, ndipo munthuyo anali kale m'galimoto. Koma mumtima mwake munalibe chimwemwe ngakhale pang'ono. Munkangowawa.

Padmaja anali pa kampando, mutu atatsamira pamimba pa ng'ombe, mkaka ukulira m'chitini.

"Ndatsala pang'ono," anatero osatembenuka. "Ndingotsuka chitinichi tizipita."

"Simupita kulikonse, mayi. Tsamba lija sanalembe bambo anu. Analemba ndi Sudevan. Wavomeranso za kudziwe."

Manja a Padmaja anaima pang'ono, kenako anapitiriza kukama.

"Phukusi lija munanyamula ndinu Lachiwiri," anatero Ramlath, mkwiyo ukumukwera. "Munakalitenganso ndinu Lachinayi. M'mawa muja tsikulo munaliona, ndinakuonani mukuyang'ana pamwamba pa tsamba. Mawu amodzi okha akanakupulumutsani. Mukanagona m'chitokosi lero, mwina zaka! Mumateteza mlongo wanu?"

"Sudevan? Ayi."

"Nanga chiyani?"

Padmaja anachotsa chitini pansi pa ng'ombe, anachivundikira ndi mbale, n'kukhala manja ali pamaondo.

"Mwawerenga mabuku enawo?"

"Ndawerenga."

"Onse?"

"Ochuluka ndithu."

"Ine ndilimo?"

Ramlath anafuna kunama. Linali bodza laling'ono, losavuta, ndipo palibe khoti limene likanamufunsa. Anatsegula pakamwa, koma mayiyo anali akumuyang'ana ndi maso ouma aja, maso a munthu amene wapukuta mabukuwo Loweruka lililonse kwa zaka makumi atatu osawatsegula.

"Mvula ilimo," anatero Ramlath. "Ng'ombe zilimo. Sudevan alimo."

Padmaja anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndinkadziwa. N'chifukwa chake sindinkatsegula. Pakamwa pomwe sankanditchula. Ankangoti iwe." Anasisita mwendo wa ng'ombe wotsimphina uja. "Ndiye inu mwabwera m'mawa, mwandionetsa dzina langa katatu pa tsamba limodzi, m'dzanja lawo. Tsikulo ndinaliona, inde. Ndinadziwa. Koma ndinati lisiyeni likhale lawo, ngakhale mpaka madzulo okha. Ngakhale akundinena kuti ndine wakupha, bola anakhala pansi n'kundiganizira."

Ramlath anayang'ana kumbali. Ku msewu Thankachan analiza hutala.

"Bukuli ndipita nalo," anatero. "Ndi umboni. Mlandu ukatha adzakubwezerani."

"Ena makumi anayiwo?"

"Amenewo ndi anu. Tawasiya pansi, pepani. Ndikhoza kukuthandizani kuwabwezera pa shelefu."

"Asiyeni pomwepo. Nkhuni zanyowa sabata ino, ndipo Ammini amafuna madzi otentha pa mwendo wakewu." Ananyamula chitini cha mkaka n'kuima. Atafika pakhomo la khola anatembenuka. "Koma ilo muli naloli mudzabweze ndithu. Musadzang'ambe tsambalo."